Tsiku Limene a Zomwezo Anakana

Mbiriyo inalowa mu saluni ili wefuwefu, itakwera pamsana pa mayi wogulitsa mazira. Mayiyo sanapereke n'komwe moni. Anangoima pakhomo, thireyi ili pamutu, maso ali tong'o, n'kuti:

"Amayi inu, dziko latha. A Zomwezo akana!"

Saluni yonse inangoti zii. Wailesi inasiya kuimba, chowumitsira tsitsi chinazima chokha. Alipo ena amene amati nthawi imeneyo magetsi ndi amene anathima, koma amenewo ndi anthu ouma mtima, sitiwawerengera.

"Akana chiyani?" anafunsa mwini saluni, chipeso chili m'mwamba.

"Akana basi! Anena kuti ayi. A-yi! Ndi pakamwa pawo pomwe paja. Achimwene awo, a Matayala aja, ataima pamaso pawo chonchi, lole ili panja yodzaza ndi katundu. A Zomwezo anangodzuka pa makina, n'kulavula mapini onse, n'kuti ayi. Akuti galasi loyezera zovala lija lachita mng'alu. Akuti a Matayala agwa chagada, moti achita kuwathira madzi."

"Mwaziona nokha?"

"Ndione bwanji ine, mazira ali pamutu? Wandiuza wosoka nsapato. Iyeyo ndiye wauzanso wokonza mafoni."

"Wokonza mafoni sanalipo?"

"Anali atapita kukataya madzi kuseri, koma akuti mawuwo anamupeza komweko."

Chimene mayi wa mazira sanaone n'chakuti mutu umene mwini saluni ankaluka pakona paja, utayang'ana kukhoma, unali wa akazi awo a Zomwezo. Mbali imodzi inali italukidwa bwinobwino, mbali inayo tsitsi lili nyankhalala ngati nalonso lamva nkhaniyo. Mayiwo sanatembenuke msanga. Bambowo anakhala nawo zaka zambirimbiri, ana anabadwa, anakula, anachoka pakhomo, koma mawu akuti ayi sanawamvepo akutuluka m'kamwa mwawo, ngakhale kutulo komwe.

A Zomwezo ndi telala. Dzina lawo lenileni lilipo, ndipo akuti ndi labwino ndithu, koma linachita dzimbiri chifukwa chosagwiritsidwa ntchito. Munthu ukanena chilichonse pamaso pawo, chanzeru kaya chopusa, yankho limakhala limodzi: "Ndi zomwezo."

Anabadwa ovomera. Azakhali awo amalumbira mpaka lero kuti tsiku limene anabadwa, namwino anawanyamula n'kuti, "Kamwana aka makutu achita kukula," ndipo khandalo linagwedeza mutu. Kusukulu, mphunzitsi atawaloza kuti ndiwe waswa zenera, anati ndi zomwezo, n'kulandira zikwapu zonse mwaulemu, chonsecho tsiku limene zeneralo linasweka iwo anali kuchipatala kukazula dzino.

Ukwati nawo unayenda choncho. Ankakumana ndi mtsikana wina pamalo okwerera basi m'mawa uliwonse, iwo n'kumangomuyang'ana m'mbali ngati nkhuku yaona chimanga. Mtsikanayo atatopa n'kuyang'anidwa, tsiku lina anawaimirira kutsogolo.

"Achimwene, inu mukuoneka kuti mukundifuna."

"Ndi zomwezo."

"Ndiye tikwatirana."

"Ndi zomwezo."

Mtsikana ameneyo ndi uyu wakhala mu saluni ndi mutu watheka. Nkhani ya pa basiyi amaisimba akuseka, koma pansi pa chisekocho pamakhala kaminga kamodzi kamene sanauzepo munthu: nanga tsiku limenelo pakanaima mtsikana wina, wamano akunja, n'kunena mawu omwewo?

Shopu ya a Zomwezo ndi chipinda chakumaso cha nyumba imene malemu bambo awo anasiya, choyang'ana kumsewu. Muli makina opalasa ndi mapazi, tebulo lodulira nsalu, galasi lalitali, katani yotchinga pakona pomwe anthu amayesera zovala, ndi benchi. Benchi limenelo ndi limene lili ndi mbiri. Pamakhala anthu amene sanabwere kudzasoketsa kanthu, anangobwera kudzavomerezedwa. Wina akalowa n'kuti timu yake yokha ndiyo imadziwa mpira, enawo amangothamangitsa mphepo, a Zomwezo amati ndi zomwezo. Akatuluka ameneyo, wa timu inayo amalowa n'kunena zake, n'kulandira zomwezo zake. Onse awiri amakakumana pamsewu zifuwa zili patsogolo, aliyense akuti, "Kafunse telala!" Mwamuna akayambana ndi mkazi wake amadzera pomwepo kudzamva kuti iye ndi amene akulondola. Mkaziyo amabwera masana ndi siketi yoti aikemo zipi, n'kumva kuti wolondola ndi iyeyo. Madzulo amakadya limodzi mwamtendere, aliyense akumvera mnzake chisoni.

Mphunzitsi wina wopuma, amene benchilo linazolowera kale thupi lake, anayesapo kuwakweza. Anati Angerezi ali ndi kanenedwe kawo kovomerezera, kapamwamba kwambiri, koti ukakanena ngakhale wabodza amamva ngati wavekedwa mendulo. Anakatchula, anakabwereza, anakamasulira, mpaka anakalemba ndi choko pa nsalu yakuda ya kasitomala. A Zomwezo anamvetsera mutu uli pambali.

"Mwaona tsopano kuti kachizungu aka kakuposa kanu kaja?"

"Ndi zomwezo," anatero a Zomwezo, akufufuta chokocho ndi chikhatho.

Koma akazi awo okha, amene amasita zovala pa tebulo la kumbuyo, ndi amene ankadziwa kuti mawu awiriwa ali ndi mafuko. Pali ndi zomwezo wokoka, uja wa zomweeezo, amene tanthauzo lake n'lakuti mukunama bambo inu koma pitani ndi mtendere. Pali wina wotuluka pini ili pakamwa, wongoti tasunthani, mwanditchingira kuwala. Ndiye pali wina wosowa, amene amabwera makina ataima, bambowo atayamba akhala chete. Ameneyo ndiye weniweni. Vuto n'lakuti pa basi paja mayiwo anali asanaphunzire kusiyanitsa, ndipo pano sakumbukanso kuti anapatsidwa wamtundu uti.

Chimene chinamanga shopuyo, komabe, si pakamwa pokha. Ndi chala chachikulu cha kudzanja lamanja. Kasitomala akabwera ndi nsalu, mimba itatsogola, amati, "Musavutike n'kuyeza, ine ndili momwemo muja."

"Ndi zomwezo. Tingotsimikiza."

Tepi imazungulira m'chiuno, ndipo pamene yakumana, chala chachikulu chimagona pa nambala ngati nkhuku pa mazira. Kasitomala akasuzumira amangoona chikhadabo.

"Momwemo, eti?"

"Ndi zomweeezo."

Nambalayo salemba paliponse. Amaisunga m'mutu, n'kudula nsalu molingana ndi mimba imene aiona, osati imene auzidwa. Chifukwa cha chala chimenechi, msewu wonse uja palibe munthu amene ananenepapo chikwatirire. Abusa ali momwemo. Mwini butchala ali momwemo, ngakhale pakhomo pa butchala yake amalowa cham'mbali. Akazi a telala amawaseka anthu onsewa mumtima akamasita mabuluku aakulu ngati matanga a ngalawa. Iwo okha ndi amene thupi silinasinthe chibadwire mwana woyamba, ndipo zimenezo amuna awo amatsimikiza nthawi zonse.

Tsono panali a Matayala, mkulu wawo wa a Zomwezo, bere limodzi. Awa ndiye anatenga ma ayi onse a m'banjamo, mng'ono wawo asanabadwe. Amagulitsa matayala akale a galimoto, amalankhula ngati akuitana munthu wa kutsidya la mtsinje, ndipo mabuluku awo onse, kuyambira la ukwati, anasokedwa ndi mng'ono wawoyo. Tsiku lina analowa m'shopu, n'kuyang'ana denga, n'kugogoda khoma, n'kuti:

"Iwe, chipinda chino chikungowonongeka. Malo apamsewu ngati ano n'kumasokeramo timabatani? Nyumbayi ndi ya bambo athu tonse. Ndiikamo matayala. Iwe makina akowa utulutse pakhonde, mphepo izikupitako bwino."

A Zomwezo anati ndi zomwezo.

Akazi awo anali kumbuyo, simbi ili m'manja, ndipo anapsereza kolala ya malaya a abusa. Khonde lake liti? Lija limadontha mvula ikangoganiza zobwera? Lija mabasi amathirapo fumbi tsiku lonse? Ndani angabweretse nsalu yoyera ya diresi la ukwati kuti isokedwe pakati pa fumbi ndi wosoka nsapato? Chipinda chimenecho ndi chimene chinaphunzitsa ana, ndi chimene chinkawadyetsa awiriwa. Chikapita, ndiye kuti ukalamba wawo wathera pakhonde.

"Abambo, mukawakanire achimwene anuwo."

"Ndi zomwezo."

"Musanditi ndi zomwezo! Mukawauze kuti ayi."

"Ndi zomwezo."

"Tayesani pompano. Ine ndine a Matayala. Ndikuti, iwe, tuluka muno. Mukuti bwanji?"

Bambowo anawayang'ana mwachikondi, n'kutsegula pakamwa, n'kutsekanso, kenako n'kufunsa ngati simbi yazimitsidwa.

Anayesa zonse mayiwo. Anawaimika pagalasi kuti aone mmene milomo imakhalira ponena mawuwo. Anawapatsa tiyi wothira mchere dala, n'kufunsa ngati ali bwino, ndipo bambowo anamwa yense mpaka kupendeketsa kapu. Ndiye tsiku la lole litafika, mayiwo anaona kuti sangaime n'kumaonerera makina akutulutsidwa ngati maliro. Anavala nsapato n'kuti akupita kukalukitsa tsitsi, kuti ngati n'kusauka, asauke akuoneka bwino.

Apa ndi pamene mayi wa mazira anawapeza.

Akazi a telala anadzuka pampando, nsalu ya saluni idakali m'khosi. Mayi wa mazira atawazindikira anagwira pakamwa, thireyi n'kupendama, koma mayiwo anali atadutsa kale. Mwini saluni anawathamangira ndi chipeso akukuwa kuti mbali inayo sinathe. Sanacheuke.

Mumsewu mbiri inali itabereka kale ana. Wogulitsa nthochi anawakuwira kuti, "Amayi, amuna anu amenya munthu ndi sizasi!" Wa njinga anati apolisi ali m'njira. Mwini butchala anatuluka cham'mbali n'kuwagwira dzanja ngati ofedwa. Mayiwo mumtima ankangoti: ngati akanadi, ndiye kuti adwala. Mwina magazi akwera. Mwina ndawakakamiza kwambiri, china chaduka m'mutu. Shopu ndiyofunika, inde, koma shopu yopanda telala ndi chipinda chabe.

Lole inalipodi, itaima pakhomo, matayala ali mulu, woyendetsa akugona chiwongolero chili pachifuwa. Palibe tayala limene linali litatsitsidwa. Anthu anali ataunjikana pakhonde, koma chitseko cha shopu chinali chotseka, chinthu chimene sichinachitikepo masana. Wosoka nsapato anali ataima pa kampando kake akufotokozera gulu, ndipo pamene mayiwo ankafika, ayi uja anali atakula moti anagwetsa mbalame padenga.

Anazungulira kuseri n'kulowera khomo la kunyumba.

M'shopu munali bata. Galasi linali lathunthu. Makina anali pamalo pake, akulira pang'onopang'ono, a Zomwezo atawerama, akusoka kumbuyo kwa buluku lalikulu labulawuni. Anadzutsa mutu, n'kuyang'ana tsitsi la akazi awo mbali iyi ndi mbali iyo, n'kubwerera pa ntchito yawo. Pansi pa katani yotchinga ija pankaoneka mapazi awiri ovala sokosi, imodzi yobooka pachala.

"Ndani walowa?" anabangula mawu kuseri kwa katani. "Ndati musalowetse munthu!"

"Ndine, alamu."

"Oo, mlamu wanga! Bwera, koma usayandikire kuno. Mwamuna wakoyu lero wandikanira pamaso. Ine! Mkulu wake!"

Mawuwo anali aukali ngati nthawi zonse, koma mayiwo anamva kuti mkati mwake muli chisangalalo, ngati cha munthu amene dokotala wamuuza kuti chotupa chija ndi chithupsa chabe. Anakhala pa benchi.

"Zakhala bwanji, alamu?"

A Matayala anafotokoza, katani ikugwedezeka ndi manja awo. M'mawa umenewo anaganiza zoti shopu ya matayala aitsegule atavala suti yatsopano. Ndipo pofuna kuonetsa mng'ono wawo kuti matelala ndi ambiri padziko, anaimitsa lole kwa telala watsopano wa kutsidya kwa msewu, mayi wamagalasi uja amene ali ndi makina amagetsi ndi satifiketi pakhoma.

"Ndamuuza bwinobwino kuti, mayi, musavutike, ine ndili momwemo. Akuti, momwemo muti? Wandikulunga tepi ngati akumanga katundu. Kenako, mlamu, wakuwa! Wakuwira mnzake wolemba amene anali kuchipinda china, nambala yonse, anthu ali tcheru!"

Anaitchula nambalayo motsitsa mawu. Sitiibwereza pano, nkhaniyi amawerenganso ana.

"Ndati, tepi yanuyo ndi yabodza. Wabweretsa ina. Wakuwanso! Mnzake uja akuti sindinamve, iye n'kubwereza kachitatu, mpaka woyendetsa lole wanga waseka. Ndatuluka osatsanzika. Ndafika pano, ndati nditsike mu lole modumpha mwachinyamata kuti mayi uja aone, ndiye buluku langoti pwee, kuyambira kumbuyo mpaka kutsogolo."

Makina a a Zomwezo anapitiriza kulira ngati sakumva.

"Ndalowa muno nditagwira kumbuyo. Ndaima pagalasipo. Mlamu, ndinadziyang'ana. Ndati, mng'ono wanga, ndatha ine. Ndanenepa. Ndasanduka thumba la chimanga lovala nsapato. Ndakalamba, anthu akhala akundiseka ine osadziwa. Ndati, nena zomwezo zakozo, ndizipita."

Mawu a kuseri kwa katani anatsika kwambiri pamenepa, moti mayiwo anachita kuwerama kuti amve.

"Ndiye waimitsa makina. Wachotsa mapini pakamwa, imodziimodzi. Wandiyang'ana. Akuti, ayi."

"Ayi?"

"Ayi! Mokweza, mpaka wosoka nsapato wagwetsa nyundo panjapo. Akuti, ayi achimwene, muli momwemo. Watenga tepi yake, tepi yeniyeni, yakale, wandiyeza pompano. Ndili momwemo, mlamu! Chikwatirire! Tepi za masiku anozi akumazipanga zazifupi dala kuti nsalu izigulidwa yambiri. Si choncho, iwe?"

"Ndi zomweeezo," anatero a Zomwezo, akudula ulusi ndi mano.

Mayiwo anayang'ana amuna awo. Anayang'ananso chala chachikulu chija, chili phee pa nsalu ngati sichidziwa kanthu. Poyamba mkwiyo unawakwera. Anthu inu! Iwo kupempha, kugwada, kuthira mchere mu tiyi, kufuna ayi mmodzi yekha woti apulumutsire denga, ndipo munthuyu ayi anali naye, anangomusunga pansi pa mtima ngati suti ya Lamulungu, n'kukamuvalira mimba ya achimwene ake! Za shopu sanakane n'komwe. Lole idakali panja.

Koma mkwiyowo usanafike pakamwa, ganizo lina linawadutsa n'kuwakhazika pansi. Ngati ayi anali naye nthawi yonseyi, ndiye kuti pa basi paja analinso naye m'thumba. Akanatha kumutulutsa. Sanamutulutse.

Anapuma mpweya wautali, n'kuchotsa nsalu ya saluni m'khosi, n'kuipinda bwinobwino. Zotsalazo anaona kuti ndi ntchito ya munthu wamkazi.

"Abambo, mwamaliza? Bweretsani ndisite. Alamu sangatuluke ndi buluku lamakwinya."

Analandira bulukulo, n'kuliyala pa tebulo, n'kuyatsa simbi. Sanafulumire. Simbi imafuna nthawi kuti itenthe.

"Ndiye alamu, anyamata ayambe kutsitsa matayala? Ife ndife okonzeka. Makina titulutsa pakhonde pompano."

"Ee, ayambe. Tandipatsa kaye bulukulo."

"Likubwera. Ndikungoganiza za katani iyi. Pakhonde palibe poikoloweka. Koma palibe kanthu, makasitomala azivulira poyera, anthu ndi omwewa, timadziwana."

Mapazi a pansi pa katani anasiya kusuntha.

"Poyera?"

"Nanga pakhonde pali khoma? Poyeza napo ndi pomwepo. Ubwino wake pali kuwala, aliyense wodutsa azithandiza kuwerenga tepi. Wosoka nsapato maso ake ndi akuthwa. Ndiponso khonde lathuli layang'anizana ndi zenera la mayi wamagalasi uja, ndiye abambo akakayikira nambala azingomukodola, iye n'kuwoloka ndi tepi yake."

Simbi inati tsss pa buluku.

"Kapenanso," anapitiriza mayiwo mokoma mtima, "fumbi likatigonjetsa, tidzangotseka. Abambo akula, apume. Suti zanu muzikasoketsa kutsidyako. Ndi wophunzira mayi uja, satifiketi ili pakhoma."

"Iwe!" Katani inagwedezeka. "Iwe, mng'ono wanga! Ndani anakuuza kuti utulutse makina pakhonde? Uli ndi nzeru iwe? Ntchito ya bambo athu, ntchito yaulemu, ukaiike pafumbi ngati ukugulitsa tomato?"

"Ndi zomwezo, achimwene."

"Matayala amanunkha! Angalowe m'nyumba mogona anthu? Ukufuna mlamu wanga adwale chifuwa?"

"Ndi zomwezo."

"Vuto lako iwe umangovomera zilizonse. Ukanakhala wopanda mkulu wako woganiza, bwenzi pano uli pamsewu. Chipinda chino sichisuntha ine ndili moyo, wamva? Katani iyinso ndi yopyapyala, ugule yochindikala. Mlamu, buluku!"

Buluku linaperekedwa pamwamba pa katani, lotentha, mzere uli chilili. Mayiwo anaona posita kuti kumbuyo kwake kwalowa kansalu kena katsopano, kofanana mtundu ndendende, kotambalala ngati chikhatho cha munthu wamkulu. A Matayala anatuluka akumanga lamba, n'kudzizungulira pagalasi, n'kudzimenya pamimba.

"Mwaona? Likuchita kukhwepa."

Anatsegula chitseko ngati nduna, gulu n'kupatuka. Anadzutsa woyendetsa pomenya chitseko cha lole, n'kukwera mosamala kwambiri, mwendo umodzi kenako unzake. Lole inabwerera chambuyo n'kupita ndi matayala ake onse, ndipo podutsa pa zenera la mayi wamagalasi a Matayala anayang'ana kumbali ngati aona chinthu chochititsa chidwi padenga la butchala.

Pamenepo msewu unaphulika. Amayi anaimba nthungululu. Mwini butchala analowa m'shopu cham'mbali n'kuwakumbatira a Zomwezo mpaka mapazi kuchoka pansi. Wa timu iyi ndi wa timu iyo anagwirana chanza koyamba chiyambire ligi. Kunena zoona, ambiri mwa anthu amenewa usiku wathawo sanagone bwino poganiza zoyezedwa pakhonde, ngakhale palibe amene akanavomera zimenezo. Mphunzitsi wopuma anakhala pamalo pake pa benchi, n'kulisisita, n'kuti iye ankadziwa kuyambira kale kuti mwa telalayu muli mkango wogona. Mwini saluni anafika ndi chipeso chake n'kuyamba kuluka mbali yotsala ija pomwepo, mayiwo atakhala pa mpando wa makasitomala, akuseka okha, misozi ikutsika, osadziwa kuti akuseka chiyani kwenikweni.

Mayi wa mazira ndiye anadzipanikiza mpaka kutsogolo, thireyi idakali pamutu.

"A telala, ine ndalalika nkhaniyi msewu wonse koma sindinaimve ndi makutu anga. Tanenaninso kamodzi kokha, timve mmene zinamvekera."

"Ee, abwereze!" linavomera gulu. "Abwereze!"

A Zomwezo anali atabwerera kale pa makina. Anatenga siketi ya munthu wina, n'kuitembenuza, n'kuyamba kufunafuna pamene zipi yafera. Makutu aja namwino anawadandaula anali atafiira.

"Abambo," anatero akazi awo, mutu utapendekera m'manja mwa mwini saluni, "anthu akukufunsani. Mbiri ili ponseponse kuti lero mwakana munthu. Wosoka nsapato wamva, wokonza mafoni wamva ali kuseri, ine achimwene anu andiuza okha. N'zoona?"

Ngakhale a pakhonde anasiya kukankhana. A Zomwezo anaimitsa makina. Anachotsa pini pakamwa, n'kuibaya pa kapilo kake. Anayang'ana gulu lonselo, kenako akazi awo, nkhope ili phee ngati ya munthu amene akunamiziridwa kuba mbuzi, n'kunena momveka mpaka kumsewu:

"Ayi. Ine sindinakanepo munthu."